Maso a woimba limba wa ku Nsipe

Tinatsika minibasi pa Nsipe Lachisanu dzuwa likupendeka, titayenda pang'ono chabe pamsewu wa M1 kuchokera pa boma la Ntcheu. Munali mu Julaye, mphepo ikulasa m'mafupa. Amayi ogulitsa tomato anali atafunda zitenje mpaka kumutu. Tinabwera kudzayeza anthu BP ndi shuga Sabata likatha.

Mmawa wa Sabata tinapembedza m'katchalitchi ka njerwa zootcha. Limba ankaimba ndi mkulu wa mpingo wa imvi, pa kiyibodi yolumikiza ku batire ya sola. Buku la Khristu mu Nyimbo linali patsogolo pawo, koma lotseka. Titawayamikira kuti aloweza nyimbo zonse, anaseka. "Ana anga, si luso ayi. Ndimangoona utsi, chino n'chaka chachitatu." Titayang'ana m'maso mwawo, mwanadiso anali atayera. Inali ng'ala. Kuchipatala ankakana, ati anamva kuti kumeneko amakolowola diso.

Tinawafotokozera za mnzawo pa ntchitoyi, Johann Sebastian Bach wa ku Germany. Iye anabadwa mu 1685, nakhala wamasiye asanakwanitse zaka 10. Mu 1705 anayenda wapansi makilomita pafupifupi 400, kuchokera ku Arnstadt kukafika ku Lübeck, kukamvera katswiri wa limba Dieterich Buxtehude. Kuyambira 1723 ankatsogolera nyimbo m'matchalitchi a ku Leipzig. Atakalamba maso anachita mdima. Mu 1750 John Taylor wa ku England anamuchita opaleshoni kawiri, koma Bach sanaonenso bwino, ndipo anamwalira pa 28 Julaye chaka chomwecho.

"Mwaonatu!" anatero agogo aja.

Tinati ayi, agogo, nthawi imeneyo kunalibe mankhwala ochititsa dzanzi ngakhale opha majeremusi. Lero dokotala amachotsa kagalasi ka m'diso komwe kachita chifunga n'kuikapo kena koyera. Diso silichotsedwa. Kawirikawiri bandeji amamasula mawa lake. Ntchitoyi imachitika ku chipatala cha Nkhoma ndiponso ku Lions Sight First ku Blantyre. Choopsa ndi kudonthezera m'maso madzi a zitsamba.

Lamlungu anali oyamba pamzere woyezetsa shuga, chifukwa nayonso imabweretsa ng'ala msanga. Sanalonjeze kanthu. Koma tikudikira minibasi, mdzukulu wawo anatithamangira kudzafunsa kuti ulendo wa ku Nkhoma ndi ndalama zingati.