Tikati Wachira, Sanachire

Pachichewa chathu mayi woyembekezera timati ndi wodwala, ndipo akabereka timalengeza kuti wachira. Mawuwa ndi okoma, koma amatigoneka tulo. Tikangomva kuti wachira, funso lotsatira limakhala lakuti, "Kwabwera mphatso yanji?" Sopo, matewera ndi tizovala, zonse zimalunjika kwa khanda. Mwini wake amene wataya magazi uja timangomupatsa moni.

Makolo athu kuno ku Dowa ndi Ntchisi sankatero. Kwathu ku Mvera, ndili mwana, mayi akabereka ankabindikira m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa. Masiku amenewo sankagwira mtondo, mtsuko kapena khasu. Amayi ake ndi ntchembere zina ankamuthowa ndi madzi otentha, kumumanga chitenje pamimba, ndi kumuphikira phala la mgaiwa lotsira nsinjiro. Zina za m'chikuta zinali zoopsa, monga kupaka phulusa pamchombo, ndipo nkwabwino kuti zikutha. Koma nzeru yaikulu inalimo: wobereka ayenera kupuma, ndipo kupuma kwake ndi ntchito ya anthu ena.

Zinthu zinasintha. M'chaka cha 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa kumudzi, ndipo amayi ambiri anayamba kuchilira kuchipatala. Kafukufuku wa boma wa 2004 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 984 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Pofika 2016 chiwerengerochi chinatsika kufika pa 439. Ndi chinthu choyamika. Komabe chipatala chinatenga kubereketsa kokha, chikuta sichinatenge. Mayi amatulutsidwa patapita tsiku limodzi kapena awiri, n'kukapeza ntchito zikumudikira pakhomo.

Ndinaziona izi pa mlamu wanga, yemwe anatengedwa chitengwa kupita cha ku Malomo, kutali ndi amayi ake. Anachira m'mwezi wa February, nthawi yothyola ndi kusoka fodya, pamene aliyense amakhala kumunda kapena m'chigafa. Nditapita kukaona mwana pa tsiku lachisanu, ndinakumana naye akukwera chitunda kuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu, nkhope itatuwa.

"Alamu, mwayamba kale kutunga madzi?" ndinafunsa.

"Nanga matewera achapa ndani, alamu? Apongozi ali kufodya," anayankha akumwetulira.

Usiku womwewo thupi linatentha ndipo magazi anayambanso. Tinamunyamula pangolo mpaka kumsewu, ndipo mwamwayi anapulumuka. Panalibe munthu wankhanza pakhomopo. Onse ankangodziwa kuti wachira.

Azaumoyo amanena kuti masabata 6 oyamba ndi oopsa, makamaka sabata yoyamba. N'chifukwa chake amalangiza kuti mayi aonedwenso pa tsiku lachitatu, pakatha sabata, ndiponso pakatha masabata 6, osati kungopititsa mwana kusikelo. Magazi ochuluka, kutentha thupi, mutu waukulu, kusaona bwino, kutupa nkhope kapena zotuluka zonunkha, zonsezi si za "zisiya zokha". N'zofunika kuthamangira kuchipatala. Palinso nthenda ina yosaoneka: mayi amangokhala ndwii, kulira popanda chifukwa, tulo osabwera, mwana osamusangalalira. Ife timathamangira kunena kuti ndi mwano kapena ulesi, chonsecho ndi matenda a maganizo amene amachizika.

Ife a m'maofesi tili ndi mwayi. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi tchuthi cha masabata osachepera 8, ndipo kuyambira 2021 bambo nayenso ali ndi masabata 2. Anzanga ena tchuthi chimenechi amachithera pabawo. Mayi wa kumapiri kuno alibe fomu yosaina. Tchuthi chake angachivomereze ndi mwamuna wake, apongozi ake ndi anansi basi.

Choncho abambo anzanga, kutunga madzi ndi kuwaza nkhuni kwa milungu ingapo sikuchotsa ndevu. Amayi a mvano ndi a m'mabanki a m'mudzi, pokaona mwana tengani ufa, nyemba ndi mazira, ndipo musachoke musanachape. Inunso amayi, kudya mokwanira, kumwa madzi ndi thobwa, kugona pamene mwana wagona, ndi kunena poyera kuti "ndatopa", si ulesi ayi. Ndipo tikafika pakhomo, tisanalandire khanda m'manja, tiyambe tafunsa mwini wake kuti wadzuka bwanji, kenaka tidikire yankho lenileni.