Kwa mwana wanga amene akubwera kudzabwereza kafukufuku pa Tengani

Mwana wanga,

Uthenga wako ndalandira, ndipo amayi ako ayamba kale kukonza chipinda chako. Koma m'mawu akomo ndamvamo kamanyazi, poti anzako ku Blantyre akuti kubwereza kafukufuku wa ena ndi ntchito ya munthu wosowa nzeru zakezake. Ine ndakalambira pa ntchito yoyenda ndi mafomu khomo ndi khomo, ndiye undimvere: usachite nazo manyazi. Nkhawa yanga ili pena, pa amayi 40 amene ukuti ndiwo udzawafunse.

Za ku Togo unanditumizira zija ndawerenga. Ku Lomé anatenga mabizinesi ang'onoang'ono 1,500 n'kuwagawa patatu mwa maere. Ena anaphunzitsidwa kulemba mabuku a ndalama ndi kutsatsa malonda, ena anaphunzitsidwa mtima wodziyambira zinthu osadikira kuuzidwa, otsalawo sanaphunzitsidwe kanthu. Zotsatira zinatuluka m'magazini ya Science mu 2017: phindu la gulu lachiwirilo linakwera ndi 30 peresenti. Koma maphunziro a mtundu womwewo atakayesedwa ku Ethiopia ndi ku Jamaica, sanabale ngati ku Lomé. Ndani tsono angalumbire kuti mayi wogulitsa mlamba wowamba pamsika wa Tengani adzapindula chimodzimodzi? Funso limeneli lilibe woliyankha, kupatula munthu amene abwere kudzayesa.

Anzakowo uwauze za 2015, pamene akatswiri a maphunziro a kaganizidwe ka anthu anabwereza makafukufuku 100. Poyamba 97 ananena kuti apeza kanthu kooneka, koma pobwereza anatsala pafupifupi 36, ndipo ngakhale kukula kwa zopezekazo kunatsika ndi theka. Mu 2016 magazini ya Strategic Management Journal inatulutsa kope lonse la makafukufuku obwereza okhaokha. Chifukwa chimene zopezeka zimatsikira pobwereza n'chodziwika. Amagazini amakonda kusindikiza zotsatira zodabwitsa, ndiye chimene chimafika m'manja mwako kawirikawiri ndi chija chinakomeredwa ndi mwayi.

Tsono pokonza ntchito yako usayembekeze 30 peresenti. Yembekeza theka lake. Ndipo masamu ake ndi ouma mtima: kuti uone kusiyana kochepa ndi theka, pamafunika anthu ochuluka kanayi. Ku Lomé gulu lililonse linali ndi anthu 500, ndipo anawayendera kanayi m'zaka ziwiri. Iwe ndi amayi 20 mbali ino, 20 mbali inayo, udzaona chiyani?

Dzulo ndinaima nthawi ndithu pafupi ndi mayi wina wogulitsa mbatata ya kudimba. Ndalama amamanga pa mfundo ya chitenje. Ndili pomwepo anamasula katatu: kupatsa mwana ya chigayo, kusonkha ya maliro, kubweza chenji. Ukamufunsa madzulo kuti wapindula zingati, adzakuuza zimene zatsala pa mfundopo, ndipo sakunama ayi. Sabata ino zichuluka, sabata yamawa njinga yawonongeka, sanapite kukapikula. Phindu lotere limakwera ndi kutsika ngati Shire, ndipo m'gulu la anthu 20 mayi mmodzi yekha amene wagulitsa mbuzi n'kuwonjezera mpamba akhoza kusintha nambala yako yonse. Ngati ndalama sizikulola anthu ambiri, onjeza maulendo. Kufunsa mayi yemweyo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kumachepetsako phokoso limeneli.

Palinso china. Kuno chimene waphunzira mmodzi m'mawa, pofika masana chafika pachitsime. Ukaphunzitsa mayi uyu n'kusiya mnansi wake wa banki nkhonde imodzi, adzagawana, ndipo magulu ako awiri adzakhala gulu limodzi. Chita maere pa mabanki nkhonde athunthu, poyera, pamaso pa anyakwawa, kuti pasakhale wonena kuti unakondera abale. Koma dziwa kuti ukatero, mphamvu ya kafukufuku wako yagona pa kuchuluka kwa mabanki nkhondewo kuposa pa kuchuluka kwa amayi. Mwina udzafunika kufika mpaka ku Bangula, ndipo upemphe anzako ena mugwirizane.

Usanafunse munthu ndi mmodzi yemwe, lemba papepala chimene udzayeze, nthawi yake, ndi kukula kwa phindu kumene udzati n'kwaphindudi, ndipo pepalalo ulisungitse kwa ena. Ndinaonapo anthu ophunzira bwino, atasowa chimene ankafuna, akuyamba kusanthula: tiyeni tione achinyamata okha, tione amasiye okha, mpaka china chake chituluke. Ukasanthula kokwanira china chimatuluka ndithu, koma n'chamwayi chabe. Zinkandiwawa, chifukwa amene tinayenda padzuwa kukafunsa anthuwo ndife.

Ndipo zotsatira zikabwera, usathamangire kunena kuti za ku Togo zalephera kapena zatheka. Nena malire ake. Ngati masamu akuti phindu lingakhale paliponse kuyambira kutsika ndi 10 peresenti mpaka kukwera ndi 40, ndiye kuti sunatsutse a ku Lomé, sunawavomerezenso, ndipo ulembe momwemo. Ulembenso amene anaphunzitsa, chilankhulo chimene anagwiritsa ntchito, kaya Chisena kaya Chimang'anja, ndi nyengo yake. Ukukumbukira namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, mmene anthu anabalalikira m'misasa. Madzi akabweranso, amayi ena adzasowa m'kaundula wako, ndipo osowawo kawirikawiri ndi amene akokoledwa katundu. Ukawasiya, nambala yako idzaoneka yokongola kuposa zoona zake. Uziwalondola, ngakhale kukhale kutsidya kwa mtsinje.

Ubwere mvula isanayambe, tidzayendere limodzi mabanki nkhonde aja tiwawerenge. Njinga yanga ndaikonzetsa.

Ndine bambo ako,
pa Tengani.