Ana a Mlongo Wanga

Mwana woyamba wa mlongo wanga anabadwa wonenepa bwino, nalira monga alira ana onse. Koma tsiku laciwiri anakana bere. Anali kungogona, thupi lonse lili lendee, cidikwidikwi osaleka. Mlongo wanga anati kwa ine, "Acimwene, cidikwidikwi cimeneci ndinali kucimva akali m'mimba." Tsiku lacisanu mpweya unatha, ndipo akazi okha anapita kukamuika, asanalandire ndi dzina lomwe.

Pamenepo mlandu unabuka. Akwathu anati ndi mdulo: mlamu wanga anayenda ndi mkazi wina. Akucimuna anati mkaka wa mai ndiwo woipa. Ine ndinali mmodzi wa otukwana mlamu, ndipo ndicita nazo manyazi kufikira lero.

Waciwiri anakula bwino. Wacitatu anayamba zomwe zija, koma iye anabadwira ku cipatala cacikulu, kumene makina anamthandiza kupuma. Madokotala anatenga magazi ndi madzi a mumsana nawatumiza kunja kukayesedwa. Yankho linachula dzina lalitali, nonketotic hyperglycinemia. M'cakudya comanga thupi muli kanthu kochedwa glycine, ndipo thupi limakapanganso lokha. Mwa ife tonse ciwindi ndi ubongo zimaphwanya kotsala. Mwa ana awa mphamvu yophwanyira mulibe, kotero glycine amaunjikana nasokoneza ubongo. Mankhwala ochedwa sodium benzoate amamcepetsa m'magazi, koma sacotsa nthenda. Mwanayo ali moyo, ali ndi zaka zinai; sakhala yekha, salankhula, ndipo amakomoka kawirikawiri.

Mau amene anandilasa ndi awa: nthendayi ifuna mbeu ziwiri, ya bambo ndi ya mai. Wosenza imodzi sadwala, sadziwa n'komwe kuti aisenza. Dokotala anaika nyemba zinai m'kapu, zitatu zoyera ndi imodzi yofiira. Mimba iliyonse ili ngati kutola nyemba m'maso muli tsinzi, ndipo yotoledwayo ibwerera m'kapu momwemo.

Ndinapita kwa mlamu kukapepesa, anangoti, "Zinapita izo, alamu." Akuluakulu ena sanapepese, ati azungu sadziwa mdulo.

Tsono mbeu ya mlongo wanga inacokera kwa atate kapena amai athu, ndiye kuti kapena inenso ndili nayo. Ukwati wanga uli m'mwezi wa August, ndipo mbeta yangayo sindinaiuze kanthu.