MADZI SAIWALA KHWAWA

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mnyamata wina wa m'boma la Katete anali kuphunzira udokotala mu mzinda wa Prague, m'dziko limene pa nthawiyo linali kuchedwa Czechoslovakia, lisanagawike pawiri mu 1993. Caka coyamba anacithera pa kuphunzira cinenero ca eni dziko. Caciwiri ndico cinamulemera koposa.

M'mwezi wa Januwale, cisanu ciri pacimake, inafika kalata yocokera kwa mlongo wake. Inati amai atupa mawondo ndi nyamakazi, sathanso kupita kumunda, ndipo cimanga calowa thengo popeza palibe wogwira khasu. Mnyamatayo sanagone. Anadzifunsa kuti, kodi buku lingapalire munda? Pofika m'mawa anali atatsimikiza mtima kusiya maphunziro ndi kubwerera kwao.

Mnzake wa m'cipinda, mwana wa komweko, sanamutsutse. Anangoti, "Acimwene, musanamange katundu, tiyeni pa Ciweru tikaone kumene nkhalamba za kwathu zimacizira matupi ao."

Anakwera basi mbandakuca, nayenda makilomita pafupifupi 130 kumadzulo kufikira ku Karlovy Vary. Mzindawo uli m'cigwa copanikizika pakati pa mapiri a nkhalango, ndipo pakati pake payenda mtsinje wa Teplá. Dzina lake licokera kwa Mfumu Charles IV, amene anaupatsa ufulu wa mzinda mu 1370. Eni ake asimba kuti galu wa mfumuyo, pothamangitsa nyama, anagwera m'thamanda lotentha, ndipo kulira kwake ndiko kunaulula akasupewo.

Mapiri anali oyera mbee ndi cipale, koma m'cigwa munali kufuka nthunzi ngati pophikira mowa. Kasupe wamkulu, Vřídlo, amatumphuka kufika mamita 12 m'mwamba, ndipo madzi ake atentha kupitirira madigiri 70. Anthu okalamba anali kuyenda pang'onopang'ono m'makonde atali a mizati, yense ndi kakapu ka dothi loyera kokhala ndi mlomo ngati wa ketulo, akumapsontha madziwo monga anawauzira madokotala ao. Ambiri anadzera matenda a m'mimba, ena a mafupa. Mnyamatayo analawa. Anamva mcere ndi dzimbiri, nakwinya nkhope.

Pamenepo anaona mai wina wacikulire akuyenda ndi ndodo, mawondo akuwakoka monga momwe kalata inanenera za amai ake. Mtima unamupweteka. Anaturutsa botolo m'cola nayamba kulidzaza, akumaganiza zopita nalo ku Katete.

Agogowo anaima namuyang'ana. "Mwana wanga, madziwo ndi a yani?"

"Ndi a amai anga, agogo. Ali kutali, ku Zambia."

Agogowo anapukusa mutu. "Madzi awa amamwedwa pompano, akali otentha. Ndipo si madzi okha. Pali dokotala amene amandiuza kasupe woti ndimwe, muyeso wake ndi nthawi yake. Kodi kwanu amai ako ali naye wowauza?"

Mnyamatayo anasowa coyankha. Anakumbukira Chinyunyu, pa mseu waukulu wocokera ku Chipata kupita ku Lusaka, pamene madzi otentha amaturuka pansi usana ndi usiku. Anapitapo pa basi tsiku limene anacoka kwao, osaganizako kanthu. Madzi otentha tsono kwao analiko. Cimene cinali kusowa ndi anthu ophunzira za matenda, pakuti pa ufulu wa 1964 dziko lonse linali ndi nzika pafupifupi 100 zokha zotsiriza maphunziro a ku yunivesite. Iye anatumidwa kudzacepetsa kusowako, ndipo tsopano anali kufuna kubwerera cimanjamanja.

Anakhuthulira madziwo m'ngalande. Pa Sondo madzulo, ali m'basi yobwerera ku Prague, analemba kalata pa bondo. Anauza mlongo wake kuti adzidzimana pa ndarama zake za mwezi ndi kutumiza zolipira aganyu opalira, ndi kuti amai apite nao ku cipatala osadikira kukolola.

Zaka zotsalazo sizinafupike cifukwa ca ulendo umenewo. Cisanu cinamulumabe, ndipo makalata ena anabwera ndi nkhani zowawa. Koma anapirira, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsiku limene anatsika basi pa Katete, amai anamucingamira ndi ndodo m'manja. Nyamakazi sinawasiye. Iye anagwada, nawomba m'manja, ndipo asanamasule katundu anati, "Amai, khalani pansi ndione mawondowo."