Bindura: Kumene Galimoto Imasanduka Nyumba

Msewu wochoka ku Harare kulowera kumpoto umatsikira m'chigwa cha Mazowe, kudutsa m'mbali mwa damu ndi minda ya malalanje, kenako n'kukhotera chakum'mawa pa Glendale. Pakatha makilomita pafupifupi 90, mapiri amiyala amayamba kusinthana ndi milu ya dothi lotuwa lofukulidwa pansi panthaka. Apa ndiye pa Bindura, likulu la chigawo cha Mashonaland Central. Tawuniyi inakula ndi mgodi wa golide wotchedwa Kimberley Reefs, ndipo dzina lakuti Bindura inalitenga mu 1913, chaka chimene njanji inafika.

Mpaka lero moyo wa pano umatsamira pa migodi ndi ulimi. Kufupi ndi tawuni kuli mgodi wa golide wa Freda Rebecca, chakum'mawa kuli wa Shamva, ndipo chakumwera kuli Trojan, mgodi wa nickel umene unayamba m'zaka za m'ma 1960. Mlendo wochokera ku Dedza kapena ku Katete sangachedwe kumva Chichewa m'makomboni a migodiyi. Agogo a anthu ambiri kuno anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia. Ena anayenda pansi kwa milungu, kuwoloka Zambezi n'kudzera ku Mount Darwin. Ena anakwera malole a Ulere, amene boma la Southern Rhodesia linayamba kunyamulira olembedwa ntchito kwaulere cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Ambiri sanabwerere kwawo, anasanduka matchona, koma Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, akuvinidwabe.

Mgodi wa Trojan unaima mu Novembala 2008, pa nthawi ya mavuto aakulu azachuma, n'kutsegulidwanso patapita zaka zinayi. Unaimanso mu 2023 makina okwezera miyala atawonongeka. Koma mgodi ukaima sausiya wokha. Mapampu amapopabe madzi, makina amapakidwabe girizi, ndipo amisiri amawayendera tsiku ndi tsiku. Ngakhale mgodi ukamagwira ntchito, woyendetsa makina aliyense amayamba wawazungulira ndi pepala m'manja, kuona oyilo, madzi, mabuleki ndi magetsi asanalize injini. Mwambo umenewu ndi chuma chimene mlimi ndi mlangizi angatengeko ku migodi popanda kulipira kanthu.

Nyumba ya matayala

Ku Ulaya ndi ku America kuli magalimoto okhala ndi bedi, mbaula ndi furiji, amene anthu amayendera patchuthi. Ku Bindura galimoto imasanduka nyumba chifukwa cha ntchito. Mlimi wopita ndi mabelo a fodya ku okushoni ku Harare nthawi zina amagona m'lole momwemo podikira kuti fodya wake alowe. Ogula mbewu amatha masiku akuzungulira m'midzi. Azaumoyo ndi alangizi opita ku Mount Darwin, ku Rushinga kapena kuchigwa cha Muzarabani amanyamula mankhwala, katemera, nyale ndi zofunda m'galimoto imodzi. Kwa onsewa, galimoto ikafa panjira, nyumba, ofesi ndi nkhokwe zaima pamodzi. Fodya wa chaka chonse angathe kunyowa ndi mvula ya kumapeto, ndipo katemera, amene ayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, angathe kutayidwa ana asanamulandire.

M'magalaja a m'mbali mwa msewu ku Chipadze ndi ku Chiwaridzo mumapezeka ma Toyota HiAce amene kuno amawatcha makombi, malole akale, ndi timagalimoto togulidwa kale ku Japan. Tina timaoneka tonyezimira kunja, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Matenda amene amabweretsa magalimotowa kugalaja amagwera kwambiri m'magulu atatu: kutentha kwa injini, magetsi, ndi mafuta osakanikirana ndi fumbi kapena madzi.

Injini ikawira

Injini yabwinobwino imagwira ntchito pa madigiri apakati pa 85 ndi 95. Bindura ili pamalo okwera mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo otere madzi a mumphika amawira pa madigiri pafupifupi 96. Mpata wake ndi wochepa kwambiri. Chimene chimaletsa madzi a m'radiyeta kuwira ndi chivindikiro chake: chimatsekera mpweya m'kati kotero kuti madziwo sawira mpaka atapitirira madigiri 110. Labala wa chivindikirocho akatha, galimoto yopanda vuto lina lililonse imatha kuwira pa chitunda choyamba m'mwezi wa Okutobala. Chivindikiro n'chotsika mtengo, koma ambiri amathamangira kumasula injini asanachione.

Muvi wosonyeza kutentha ukakwera, choyamba n'kuima pamalo abwino. Kutsegula chivindikiro injini ili yamoto n'kudziika pangozi, pakuti madzi owira amatumphukira kumaso ndi m'manja. Kuthira madzi ozizira m'injini yotentha nakonso kungang'ambe mutu wa injiniyo. Pamafunika kudikira theka la ola kapena kupitirira. Kenako makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi zapafupi: kodi madzi alimo? Kodi pali paipi yothetheka kapena yodontha? Kodi lamba woyendetsa pampu ya madzi wamasuka kapena waduka? Kodi fani ikuzungulira? Kodi kumaso kwa radiyeta sikunatsekeke ndi njere za udzu, matope ndi tizilombo, monga zimachitikira pa misewu ya kumunda? Izi zikakhala bwino, amagwira paipi yapamwamba ya radiyeta. Ikakhala yozizira pamene injini yatentha, ndiye kuti thermostat yakanirira chotseka.

Pali chizolowezi chochotseratu thermostat poganiza kuti kumayiko otentha ilibe ntchito. Zotsatira zake n'zakuti injini imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri ndipo imaperepeseka msanga. Yowonongeka ndi bwino kuisintha. Chizolowezi china ndi chothira madzi a pamjigo kapena a mumtsinje. Madzi oterewa amakhala ndi mchere umene umaundana m'timapaipi ta radiyeta monga umachitira m'ketulo, ndipo amachititsa dzimbiri. Pangozi amathandiza kufika nawo kugalaja, koma a masiku onse akhale madzi oyera osakaniza ndi mankhwala a m'radiyeta. Ena amati mankhwalawa ndi a kumayiko achisanu okha, chonsecho ndiwo amateteza ku dzimbiri n'kuchedwetsanso kuwira.

Zizindikiro zina n'zolemera: oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, utsi woyera wosalekeza, thovu lotuluka m'radiyeta injini ikulira, ndi madzi omangotha popanda podontha. Apa gasiketi ya mutu wa injini yapsa. Galimoto yotere siyenera kuyendetsedwanso, ikokedwe.

Magetsi: kuyamba ndi pomangira

Misewu yafumbi ya kumigodi ndi kumapulazi imagwedeza galimoto usana wonse. Mabawuti amamasuka, mawaya amakhulana ndi zitsulo mpaka kusupuka. N'chifukwa chake galimoto ikakana kulira m'mawa, batire silikhala lolakwa nthawi zonse. Pomangira mawaya pamitu ya batire pakamera ufa woyera kapena wobiriwira, magetsi sadutsa bwino. Madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira amachotsa ufawo, kenako n'kumanga zolimba. Waya wochoka pa batire kupita ku chitsulo cha galimoto nawonso ndi wofunika kuuona, pakuti ukamasuka umabweretsa mavuto ooneka ngati amatsenga: nyale kuphethira, mivi kuvina, injini kukana lero n'kulira mawa.

Kachipangizo koyezera magetsi kotchedwa multimeter kamathetsa mikangano yambiri. Batire lodzaza, injini itazima kwa maola angapo, limaonetsa mavoti 12.6. Likaonetsa 12.2 latsala ndi theka la mphamvu. Injini ikamalira, nambala iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4, ikapanda kukwera, alternator siikutchaja, kapena lamba wake akuterereka. Wopanda kachipangizoka ayatse nyale zakutsogolo n'kupotoza kiyi. Nyale zikazilala, vuto lili pa batire kapena pomangira. Zikakhalabe zowala koma injini osatembenuka, maso apite ku sitata ndi mawaya ake.

Fyuzi ikapsa, imakhala yachita ntchito yake. Kumangirira waya kapena pepala la siliva la m'paketi ya ndudu m'malo mwake n'kuchotsa mlonda pakhomo, ndipo magalimoto ambiri apsa motero. Fyuzi yatsopano ikhale ya nambala yofanana ndi yakaleyo. Ikapsanso nthawi yomweyo, pali waya wosupuka umene ukugunda chitsulo, ndipo ufunidwe.

Galimoto yogonamo imafuna batire lachiwiri. Furiji, nyale, mafoni ndi kompyuta zikamadya batire lolizira injini, m'mawa gulu lonse limadzuka n'kukankha. Batire lachiwirilo limalumikizidwa kudzera pa kachipangizo kamene kamalola kuti onse awiri atchajidwe injini ikamalira, n'kuwalekanitsa ikazima. Batire wamba la asidi silifuna kutsitsidwa kupitirira theka. Choncho batire lolembedwa 100Ah lili ndi 50 yokha yogwiritsa ntchito, ndipo chipangizo chokoka ma amp 4 mosalekeza chingalimalize m'maola 12 ndi theka okha. Gulu lokagona masiku atatu kumudzi liyenera kuwerengera zimenezi lisananyamuke, kapena kunyamula sola yokhala ndi choyang'anira katchajidwe. Onyamula katemera asasiye bokosi lozizira ndi mapaketi a ayezi podalira furiji yokha.

Fumbi, mafuta ndi mabuleki

Kuyambira mu Meyi mpaka mvula itagwa, fumbi la m'misewu ya Bindura ndi Shamva limalowa paliponse. Sefa ya mpweya ikatsekeka, injini ya dizilo imataya mphamvu n'kumatulutsa utsi wakuda. Sefa yapepala siichapidwa ndi madzi. Amaigogoda pang'ono kuti fumbi ligwe, ndipo ikang'ambika imasinthidwa, chifukwa fumbi lolowa m'injini limapala zitsulo ngati mchenga. Pa misewu yotere oyilo amasinthidwa msanga kusiyana ndi m'tawuni.

Kutali ndi tawuni dizilo amagulidwa m'zigubu, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi zinyalala kapena madzi. Magalimoto ambiri a dizilo ali ndi kabotolo kolekanitsa madzi pansi pa sefa ya mafuta, kamene kamafuna kukhetsedwa kawirikawiri. Petulo wa ku Zimbabwe naye ali ndi khalidwe lake. Kuyambira mu 2013 boma linalamula kuti azisakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku nzimbe. Ethanol amakoka chinyontho ndipo amafewetsa mapaipi a labala a magalimoto akale, kotero galimoto, jenereta kapena pampu yothirira imene yakhala miyezi ndi petulo m'thanki imavuta kulira.

Mainjini a dizilo a Toyota ofala m'makombi akale ndi m'ma Land Cruiser, monga 3L, 5L ndi 1HZ, ali ndi lamba wa mano wobisika m'kati amene amasinthidwa pa makilomita 100,000 alionse. Lambayu sachenjeza. Akaduka injini ikuthamanga, zitsulo za m'kati zimagundana, ndipo mtengo wokonzera umaposa wa lambayo kutalitali.

Opita kuchigwa cha Zambezi amatsika mapiri a Mavuradonha, kumene msewu umapendekera ndipo kutentha kumakula. Potsika ndi katundu, dalaivala wanzeru amaika giya yaing'ono kuti injini igwire galimoto. Kuponda mabuleki njira yonse kumawatenthetsa. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho pakapita nthawi, ndipo akatentha amawira, chopondera n'kungolowa pansi osagwira. Ichi ndicho chifukwa chake amalangiza kuwasintha pa zaka ziwiri zilizonse.

Usiku wa mu Juni

Msika wa fodya umayamba cha mu Malichi n'kufika m'miyezi yozizira. Usiku wa mu Juni ndi Julaye umaluma, ndipo wogona m'galimoto amakopeka kusiya injini ikulira kapena kulowetsa mbaula ya makala n'kutseka mawindo. Zonse ziwiri zimatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo tosadzuka nato. Mbaula itsale panja, injini izime, windo litsekulidwe pang'ono, ndipo bulangete lachiwiri ligwire ntchito ya moto.

Kabuku ndi thumba la ndalama

Kumgodi makina alionse ali ndi mbiri yake yolembedwa. Kalabu ya alimi kapena bungwe lingachite chimodzimodzi ndi kabuku ka kusukulu kosungidwa m'galimoto: tsiku, makilomita, mafuta othiridwa, tsiku losinthira oyilo, ndi chilichonse chachilendo chimene dalaivala wamva kapena kuona. Galimoto ikayamba kumwa mafuta kapena madzi mopitirira kale, kabukuko ndiko kamayamba kuulula. Kamathandizanso pamene madalaivala akusinthana, ndiponso pokambirana ndi makaniko. Pofunsa makaniko chimene wasintha ndi chifukwa chake palibe chamanyazi. Safunsa anadya phula.

M'mawa uliwonse, injini isanalire, mphindi khumi zimakwana kuona oyilo, madzi, mafuta a mabuleki, malamba, mpweya wa matayala, mabawuti a mawilo ndi pansi pa galimoto ngati padontha kanthu. Paulendo wautali pasasowe chigubu cha madzi oyera, lamba wapadera, mafyuzi, sefa ya dizilo, jeke, masipanala, tochi ndi chozimitsira moto.

Chovuta kwambiri si luso koma ndalama. Makalabu ambiri amagawana phindu lonse akagulitsa mbewu, ndipo mabungwe ena amalandira galimoto kwa opereka thandizo popanda kuika m'bajeti ndalama zoisamalira ntchitoyo ikadzatha. Kalabu imene imapatula kagawo pa ulendo uliwonse wa lole yake imagula lamba ndi oyilo mu Febuluwale, fodya akali m'chigafa, ndipo mabelo ake amafika pamsika pa tsiku limene anaitanidwa.