Deresi Langa la Pakati ndi Zitenje za Apongozi

Amayi anzanga, sabata ino ndifuna kuulula kupusa kwanga kumene ndinakubisa zaka zambiri, ndipo sindikadakuulula chikadapanda kuti mwana wanga womaliza anafuna kuponda pamene ndinaponda ine.

Munali m'mwezi wa Malichi 2024 pamene mwanayo, amene anakwatiwa ku Lilongwe ndipo amagwira ntchito ya muofesi, ananditumizira zithunzi pa foni. Pa zithunzizo panali maderesi asanu a amayi oyembekezera, limodzi lalitali lokhwekhwereza pansi ngati la mkwatibwi. Pansi pake analembapo kuti, "Amayi, ndisankhireni. Ndifuna nditenge ngongole ku banki mkhonde ndigule onse mitengo isanakwerenso." Za mitengozo sanali kunama, pakuti m'mwezi wa Novembala 2023 ndalama yathu ya kwacha inali itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu aliyense wochokera kunja anali atakwera. Koma mimba yake inali ya miyezi itatu yokha, yosaoneka ndi komwe. Ndinaika foniyo pansi, mtima wanga n'kubwerera ku Balaka.

M'chaka cha 1990 ndinali ndi pakati poyamba. Bambo a kunyumba anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo malipiro awo ankatha mwezi usanafike pakati. Masiku amenewo lamulo la kavalidwe la 1973 linali likugwirabe ntchito, kotero kuti mayi sankaloledwa kuvala thalauza kapena siketi yoonetsa mawondo. Lamuloli linachotsedwa mu 1993. Choncho mayi woyembekezera anali ndi njira ziwiri zokha: chitenje ndi bulauzi, kapena deresi lotaya lija tinkalitchula kuti mateniti. Akazi a mabwana ankavala mateniti, ndipo ine, pokhala mkazi wa aphunzitsi, ndinkaona kuti kupita kusikelo nditamanga chitenje ngati mayi wina aliyense kunali kudzichepetsa.

Tsiku lina ndinaona deresi lobiriwira m'sitolo ina, la nayiloni, lokhala ndi kolala yoyera ndi zipi yaitali kumsana. Mtengo wake unali pafupifupi theka la malipiro a bambo. Ndinawanyengerera sabata yathunthu, ndipo iwo, posafuna kukhumudwitsa munthu wodwala, analola. Apongozi anga atabwera kudzationa, analigwiragwira deresilo, nalitembenuza, nati, "Apongozi, n'lokongola ndithu. Nanga mwana adzayamwira kumsana?" Ndinaseka mwaulemu, koma mumtima ndinati akuluwa za m'tauni sazidziwa.

Ndinalivala katatu kokha. Ndinaligula mimba ili ya miyezi inayi, ndipo ndinayesa pamimba pokha, osaganizira kuti mawere nawo amakula, ngakhalenso nthiti zimatanuka. Pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri zipi ija inkakana kukwera pakati pa mapewa. Ndipo amene munakhalapo ku Balaka m'mwezi wa Okutobala mukudziwa chimene nayiloni amachita pathupi la munthu: thukuta silituluka, khungu limayabwa, ndipo pansi pa mawere pamatuluka nsungu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komatu manyazi enieni anandipeza tsiku lochira. Matenda atandiyamba usiku, tinalongedza mofulumira, ndipo m'chikwama munapezeka zitenje ziwiri zokha, chifukwa ndalama ya zitenje inapita ku deresi. Amene munaberekapo mukudziwa kuti zitenje ziwiri sizifika pena paliponse: china choyala, china chopukutira mwana, china chomufunditsa, china chomanga iwe mwini, ndipo zonsezi zimada nthawi imodzi. Namwino atafunsa chitenje china, ine ndinangoyang'ana kukhoma. Apongozi anga aja sananene kanthu. Anamasula chitenje chawo chapamwamba, napereka. Kenaka anamasulanso chimene anafunda kumapewa, natsala ndi deresi lawo lakale lokha usiku wonse pakhonde la chipatala. Mpaka tsiku la imfa yawo sanaitchulepo nkhaniyi, ndipo kusatchulako n'kumene kunandipweteka koposa.

Tsono nditaona zithunzi za mwana wanga, ndinakwera basi. Ndinapita ndi mtima umodzi, wakuti ndikamuuze kuti asagule kanthu, zitenje n'zokwanira. Pamenepa napo ndinalakwa, ndipo ndivomere. Iye anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Amayi, ndamva. Koma ine ndimalandira alendo muofesi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Kodi ndizikakhala pa desiki nditamanga chitenje pansi pa mawere? Masiketi anga onse ayamba kale kundithina." Ndinaona kuti akunena zoona. Mayi wa kumudzi amene ntchito yake ndi ya kumunda ndi pakhomo angathe kutha miyezi isanu ndi inayi ndi zitenje, mabulauzi otaya ndi malaya akale a bambo, osachititsa manyazi munthu. Mphunzitsi, namwino, kalaliki kapena wogulitsa m'sitolo sangatero. Choncho tinakhala pamkeka, n'kuyamba kuwerenga bwinobwino, osati zimene zikukongola, koma masiku amene chovala chilichonse chidzavalidwe.

Choyamba chimene ndinamuuza ndi chakuti adikire. Mimba yoyamba kawirikawiri imachedwa kuonekera. Chiberekero chimafika pamchombo pa masabata 20, ndipo kukula kwenikweni kumabwera pambuyo pake. Mayi wa thupi lapakatikati amayembekezeka kuonjezera makilogalamu pakati pa 11 ndi 16 pa mimba yonse, koma palibe amene angadziwiretu kuti kulemerako kudzakhala pati: wina m'chiuno, wina pachifuwa, wina pamimba pokha. Wogula zonse m'mwezi wachitatu akugulira thupi limene sanalione. Kufikira mwezi wachisanu, siketi ya lasitiki ndi bulauzi yotulutsa kunja zimakwanira, ndipo batani la siketi likakana, kachingwe kokoleka pabowo la batani kamaonjezera masabata angapo.

Pa maderesi tinakangana kwambiri. Ine ndinati awiri, iye anati anayi, ndipo tinagwirizana atatu. Koma sitinagule a pa zithunzi aja. Tinagula nsalu ya thonje, n'kupita nayo kwa telala wina wa pakhonde la sitolo, bambo wachikulire amene anamva msanga chimene tinkafuna. Ndinamuuza zinthu zimene deresi langa lobiriwira linandiphunzitsa: mabatani akhale kutsogolo kufikira pansi pa mawere, kuti mwana akadzabadwa adzayamwe popanda mayi kuvula, mapindo ayambire pansi pa chifuwa, osati m'chiuno, kutsogolo kutalikepo kuposa kumbuyo, popeza mimba ikakula imakweza nsalu, m'mbali asiyemo nsalu yokwanira yodzamasula, ndipo kumbuyo kukhale timalamba tomanga, kuti mimba ikadzatha deresilo lidzabwerere m'thupi. Deresi lotere silitha ntchito pa tsiku lochira. Limavalidwa miyezi inayi ya mimba, kenaka chaka chathunthu kapena ziwiri za kuyamwitsa, ndiponso pa mimba yotsatira. Mukagawa mtengo wake ndi masiku amenewo, mupeza kuti n'lotsika mtengo kuposa bulauzi ya pa kaunjika imene mwavala kawiri.

Chinthu chimene amayi ambiri timachinyalanyaza, chifukwa sichioneka kunja, ndicho chimene ndinamukakamiza kuti asaumirepo ndalama. Ndikunena za makamisolo. Mawere a mayi woyembekezera amalemera ndipo amapweteka, ndipo kuwapanikiza m'zovala za pautsikana ndi kudzizunza chabe. Tinagula awiri a thonje, a malamba otambalala, opanda waya, okhala ndi mizere ingapo ya ngowe kumbuyo. Ena awiri otsegula kutsogolo, oyamwitsira, ndinamuuza kuti adzagule m'mwezi wachisanu ndi chitatu, ndipo adzasiyemo mpata, popeza mkaka ukabwera patapita masiku awiri kapena atatu mwana atabadwa, mawere amakulanso. Zovala zina zam'kati nazo zikhale za thonje, pakuti nthawi imeneyi mayi amatuluka thukuta kwambiri ndipo matenda a kuyabwa kumaliseche savuta kumugwira. Zikhalenso zingapo zofika pamwamba pa mchombo, kuti ngati kuchira kudzakhale kwa opaleshoni, lasitiki isadzakhale pabala. Izi zokha, amayi anzanga, gulani zatsopano ngakhale ndalama itavuta.

Za kaunjika sindinyoza. Tinapita ku msika wa Tsoka, ndipo kumeneko mwana wanga anapeza thalauza lakuda lokhala ndi nsalu yotanuka pamimba, ndi siketi ya mtundu womwewo, zonse zooneka ngati zatsopano. N'zosadabwitsa, chifukwa eni ake kumaiko kumene zimachokerako anazivala miyezi yowerengeka basi. Kunena zoona, ine thalauza pa mayi wapakati sindinalizolowerebe, koma ndinakhala chete. Zaka zanga si zake. Tinazichapa ndi sopo, kuziyanika padzuwa ndi kuzisita asanazivale. Popeza miyezi yake yomaliza inali kugwa mu Juni ndi Julayi, pamene Lilongwe amazizira, anafunanso juzi yaikulu. Ndinamuuza kuti atsegule m'kabati mwa amuna ake. Juzi ya mabatani sifunika kutsekeka pamimba kuti munthu afunde.

Nsapato za gogoda tinaziika pamwamba pa kabati. Mimba ikakula, thupi limapendekera kutsogolo, mfundo za m'thupi zimafewa, ndipo kugwa sikuchedwa. Mapazi amatupa, makamaka madzulo, ndipo kwa ena phazi limakula osabwereranso. Nsapato imodzi yafulati, yokulirapo pang'ono, yosafuna kuwerama pomanga, ndi yoyenera ndalama yake. Pano ndipatukeko pang'ono, chifukwa n'za moyo: kutupa mapazi pang'ono n'kozolowereka, koma mukaona nkhope ndi manja zatupa mwadzidzidzi, mphete yakana kutuluka, mutu ukupweteka kwambiri kapena maso akuchita chidima, musathamangire kumsika kukafuna nsapato yaikulu. Thamangirani kuchipatala akakuyezeni kuthamanga kwa magazi tsiku lomwelo.

Pamene tinafika pa deresi lalitali lija, mwana wanga anagwetsa nkhope. Linali la tsiku limodzi, la phwando limene anzake a kuntchito ankafuna kumukonzera, ndi kujambulitsa zithunzi. Ife kale mimba tinkaibisa, ndipo yoyamba inkadikira anankungwi kuti adzailange. Ana a lero amaijambulitsa. Sindinamuletse phwandolo. Ndinangomuwerengera zimene zinali zisanagulidwe. Kuyambira 2016 bungwe la WHO limalangiza kuti mayi woyembekezera aonane ndi achipatala maulendo osachepera 8, ndipo ulendo uliwonse umafuna ya minibasi. Panali beseni, pepala lapulasitiki loyala, matewera, tizovala ta mwana, ndi ndalama yosunga ya galimoto ngati matenda adzayambe usiku. Kenaka ndinamuuza nkhani ya agogo ake pakhonde la chipatala, imene anali asanaimvepo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti, "Ndiye agogo anagona osafunda?" Ndinati inde.

Deresi la phwando anabwereka kwa mlamu wake, amene nayenso analivala kamodzi. Ndalama imene ikadapita kumeneko tinagulira zitenje zisanu ndi chimodzi, za thonje lenileni, zonga zija tinkagula kale za ku fakitale ya David Whitehead ku Blantyre. Posankha, musakopeke ndi kuwala. Fikisani kansonga ka nsalu m'manja, ndipo ikakhala yoterera ngati pepala la shuga, dziwani kuti siimwa madzi ndipo siyenera khungu la khanda. Tinazichapa kawiri kuti zifewe ndi kuchoka mankhwala a utoto. Nsalu ya mamita 2 imeneyi ndiyo yokha imene sifunsa kuti mimba yafika miyezi ingati. Imamangidwa m'mwezi woyamba ndi womaliza, imalandira mwana, imakhala mbereko, ndipo ikatha imasanduka thewera kapena nkhata.

Mdzukulu wanga anabadwa mu Ogasiti 2024, mbandakucha. Ine ndinali panja pa chipinda chochiriramo, chikwama chili pamiyendo. Namwino anatuluka kanayi kudzafunsa chitenje, ndipo kanayi konse ndinapereka osamasula changa. Ziwiri zinatsala m'chikwama, ndipo chimodzi mwa izo ndinabwereka mayi wina wa ku Mitundu amene mwana wake wamkazi anabwera nacho chimodzi chokha.

Maderesi atatu aja, awiri akuvalidwabe, timalamba titamangidwa kumbuyo. Lachitatu linapita kwa mlamu wake uja, amene anaimanso. Lobiriwira langa likadali pansi pa sutikesi. Mwana wanga atabwera kumudzi analitulutsa, naliyesa pathupi pake, ndipo zipi inakanira pamalo omwe aja.