Kuseweratu Fainolo pa PlayStation

Kuseweratu mpikisano ndi chizolowezi cha okonda mpira chotenga matimu amene afika mu ndime ya chipulula, monga ya Champions League kapena World Cup, n'kuwakumanitsa pa gemu ya pakanema masewero enieniwo asanachitike. Ena amagwira mapadi, aliyense n'kusankha timu yake. Ena amasiya makina kuti asewere okha mbali zonse ziwiri, iwo n'kukhala phee kuonerera. Njira yachiwiriyi ndi imene anyamata ankaikhulupirira kwambiri, chifukwa ankati makina alibe timu yomwe amachemerera.

Magemu awiri ndiwo anabweretsa chizolowezichi pa mpira wa miyendo: FIFA ya kampani ya EA Sports, yomwe inayamba mu 1993, ndi Pro Evolution Soccer ya Konami, imene ambiri ankangoiti PES kapena Winning Eleven. PlayStation 2 inatuluka mu 2000, koma m'matauni a kuno inadzafala patapita zaka, ndipo ambiri ankachita kubwera nayo kuchokera ku Joni.

Amene anakula m'zaka za m'ma 2005 mpaka 2008 amati nthawi yokoma inali imeneyo, ndipo n'kovuta kuwatsutsa. Malo osewerera ankakhala kachipinda kuseri kwa golosale kapena pometera tsitsi: wailesi yakanema imodzi, benchi, ndi mapadi awiri, ina itamangidwa ndi tepi. Ndondomeko ya masewero inkajambulidwa pa pepala long'ambidwa m'kope la kusukulu, kuyambira matimu asanu ndi atatu mpaka awiri otsiriza. Wopanda ndalama sankathamangitsidwa. Ankaima kumbuyo n'kumaulutsa masewerowo pakamwa, kutsanzira aja a pa wailesi, ndipo chigoli chikalowa phokoso linkamveka mpaka kumsewu.

PES 6 ya 2006 ndiyo imakumbukiridwa kwambiri. Mmenemo Adriano wa Inter Milan ankamenya mpira woti goloboyi azingouyang'ana, moti wosankha Inter ankayamba watsutsidwa kuti akufuna zophweka. Konami inalibe chilolezo cha mayina a matimu ambiri a ku England, choncho Liverpool inkatchedwa Merseyside Red. Zimenezo sizinkadandaulitsa aliyense, popeza mayina ankasinthika. Anyamata oleza mtima ankatha tsiku lonse akulemba osewera mmodzimmodzi, kupanga timu yofiira ya Maule ndi yabuluu ya Manoma, mpaka Maule n'kukumana ndi Barcelona mu fainolo. Zonsezo zinkasungidwa pa memory card ya 8MB. Magetsi akazima munthu asanasunge, chikho chinkathera pomwepo, ndipo amene ankagonja ankalumbira kuti anali pafupi kubweza.

Makampani nawo amasewera gemu yomweyi, kungoti iwo amatero potsatsa malonda. EA Sports inasiya makina kuti asewere okha World Cup ndipo inalosera molondola kuti Spain itenga chikho mu 2010, Germany mu 2014, France mu 2018 ndi Argentina mu 2022. Ku America imachita zomwezo ndi gemu ya Madden NFL, ndipo mu 2015 inalondola ngakhale zigoli za Super Bowl: New England Patriots 28, Seattle Seahawks 24. Koma anyamata a m'kachipinda muja sankafuna kwenikweni kudziwa zam'tsogolo. Ankafuna chokanganirana mpaka tsiku la masewero, ndipo makina akanena zosawakomera ankangoyambitsanso.

Lero zinthu zinasintha. PES inasanduka eFootball mu 2021, ndipo mu 2023 EA inasiya dzina la FIFA n'kuyamba kutcha gemu yake EA Sports FC. Kunena chilungamo, zithunzi zake n'zokongola, osewera amafanana ndi eni ake, ndipo mwana wa ku Mchinji angathe kumenya gemu pa foni osalipira mwini kachipinda. Komabe amasewera yekha, atawerama, ndi munthu wakutali wosamudziwa, mtima uli pa bando. Kulosera nako kunasamukira ku beting'i, komwe wolakwitsa saseka. Malo osewerera magemu akadalipo m'matauni, koma ndondomeko ya pa pepala la m'kope siionekanso, chifukwa makina amalemba okha.